Kudzipangira zipolopolo zopepuka za mfuti ya 10 gauge

Pa mfuti zowombera mbalame, 10 gauge ndiye malire (gauge ndi muyezo wa kukula kwa mpope, ndipo nambala ikachepa mpope umakula): malamulo a ku United States salola mlenje kusaka abakha ndi atsekwe ndi mfuti yokula kuposa imeneyi. Mpope wake ndi wotambalala mainchi 0.775, omwe ndi mamilimita 19.7, pamene wa 12 gauge ndi mamilimita 18.5. Mfutiyo payokha imalemera makilogalamu 4.5 mpaka 5. Chipolopolo chake cha masiku ano, chotalika mainchi 3½, chinayamba mu 1932 pomwe kampani ya Ithaca inatulutsa mfuti ya mipope iwiri yochilandira, ndipo chiyambire opanga zipolopolo amangochidzaza mpaka kukamwa. Cha nkhukundembo chimanyamula njere za mtovu zolemera ma ounce 2 kapena 2¼. Cha atsekwe chimanyamula zachitsulo, kuyambira 1⅜ kulekeza 1¾.

Zopepuka zimasowa m'masitolo. Amene akufuna kutenga mfuti yomweyi kukasaka mbalame zocheperapo ngati pheasant, amene akufuna kuzolowera mfuti yake powombera mbale zadothi zoponyedwa m'mwamba tsiku lathunthu, ndiponso amene ali ndi mfuti yakale yolandira zipolopolo zazifupi za mainchi 2⅞, onsewa amadzipangira okha. Ntchitoyi ndi ya munthu amene ali ndi chilolezo cha mfuti yake, m'dziko limene limalola kudzipangira. Ku United States n'kololedwa. Ku South Africa lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limalola mwini laisensi kudzazira mfuti yake yokhayo. Ku Malawi ndi ku Zambia kungopezeka ndi chipolopolo opanda chilolezo ndi mlandu kale, choncho mawu oyamba ndi a apolisi. Ndipo onga wotchulidwa pano si wothira mu gogodela: onga wopanda utsi umaphulitsa mfuti yotere m'manja mwa mwini wake.

Phindu lake lili paphewa

Ounce imodzi ndi magalamu 28.35. Onga ndi njere amaziyeza mu ma grain: ounce imodzi ndi ma grain 437.5, ndipo grain imodzi ndi magalamu 0.0648 okha. Njere zolemera 2¼ ndi magalamu 64, za 1½ ndi magalamu 42.5, za 1¼ ndi magalamu 35.4.

Mphamvu imene mfuti imamenya nayo phewa sitsika pang'onopang'ono mukachepetsa njere, imagwa kwambiri. Tengani mfuti ya makilogalamu 4.8, njere zikutuluka pa liwiro la mafiti 1,200 pa sekondi, omwe ndi mamita 366. Mukawerengera njere zokha, kusiya kulemera kwa onga ndi wad (kachikho ka pulasitiki konyamula njere pamwamba pa onga), chipolopolo cha 2¼ chimabweza mphamvu ya ma joule 57, cha 1¼ chimabweza 17 kapena 18. Njere mwachotsa zosakwana theka, koma kumenyako kwatsala gawo limodzi mwa atatu. Chomwechonso ndi liwiro: mafiti 100 owonjezera pa sekondi amamveka paphewa kuposa mmene amathandizira kutsogolo, chifukwa njere yobulungira imataya msanga liwiro lowonjezeralo isanafike mamita 35. Pa njere za mtovu, mafiti 1,150 mpaka 1,250 ndi okwanira.

Kungochepetsa njere sikupanga chipolopolo chopepuka

Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Munthu amatenga ndondomeko yodzazira chipolopolo cha ma ounce 2, n'kusiya onga momwe ulili, n'kungothira njere zochepa, poganiza kuti katundu akachepa ngozinso yachepa. Zoona, presha, mphamvu imene mpweya wa onga umakankha nayo mumfuti, imatsika. Koma imatsika kupyola pamene onga umafunikira kuti upse.

Onga wa zipolopolo zolemera, monga Blue Dot, Longshot kapena Alliant Steel, ndi wopsa pang'onopang'ono. Umapsa bwino pokhapokha utapanikizidwa, ndipo choupanikiza ndi kulemera kwa njere pamodzi ndi kulimba kwa chitseko cha kukamwa kwa chipolopolo. Mukachotsa njere zambiri, primer, kachipangizo ka pansi pa chipolopolo koyatsa onga, ikangophulika imakankha wad ndi njere kutsogolo onga usanagwire moto wonse. Malo amakula, presha imagwa, moto umazilala. Mfuti imangoti phu, njere zimagwera pafupi, mumpope mumatsala onga wosapsa. Kukazizira, ngati m'madambo a atsekwe a ku United States mu December, vutoli limakula. Choopsa si mbalame yothawayo ayi, koma wad imene nthawi zina imatsalira pakati pa mpope. Chipolopolo chotsatira chikaipeza, mpope umatupa kapena kung'ambika.

Chipolopolo chopepuka chimafuna onga wopsa msanga, wamtundu wa Green Dot kapena Unique, umene umakweza presha usanathe malo. Koma onga wotere uli ndi msampha wake. Ndi wochepa m'chigoba chachikulu chotere, moti mukathira kawiri mosazindikira, wonse umakwana bwinobwino, wad n'kukhala pamwamba ngati palibe chalakwika. Malire a presha amene bungwe la SAAMI, loika miyezo ya mfuti ndi zipolopolo ku United States, linaikira 10 gauge ndi 11,000 psi (muyezo wa presha), otsika kuposa 11,500 ya 12 gauge wamba, ndipo otsikiratu poyerekeza ndi 14,000 ya 12 gauge ya mainchi 3½. Ukulu wa mfuti usakupusitseni kuti imapirira zambiri.

N'chifukwa chake muyezo wa onga sautenga m'nkhani ngati ino, kapena pakamwa pa mnzanu. Umachokera m'ndondomeko zoyesedwa ndi makina oyeza presha, zimene amafalitsa opanga onga ngati Alliant ndi Hodgdon, kapena ogulitsa zipangizo ngati Ballistic Products ndi Precision Reloading. Ndondomeko iliyonse imatchula zinthu zisanu ndi chimodzi: chigoba, primer, onga ndi muyezo wake, wad ndi zodzazira zake, kulemera ndi mtundu wa njere, komanso katsekedwe. Zonsezi zimayendera limodzi. Pa zipolopolo za raifulo munthu amayamba ndi onga wochepa n'kumakweza akuyang'ana zizindikiro pa chigoba. Pa mfuti ya njere palibe zotero, chifukwa chigoba cha pulasitiki chimaoneka bwinobwino ngakhale presha itadutsa malire ndi ma psi masauzande angapo.

Zipangizo

Sikelo yoyeza mpaka grain 0.1, yokhala ndi timiyala toiyesera ngati ikunena zoona. Makina odzazira a siteji imodzi, monga MEC 600 Jr kapena MEC Steelmaster a 10 gauge. Kaliper yoyezera kuya kwa chitseko. Magalasi oteteza maso. Amene asankha kufupikitsa zigoba awonjezere chodulira zigoba, chida chopindira mlomo chotchedwa roll crimper, ndi drilu yoimika pa benchi.

Zigoba zisankhidwe mtundu umodzi. Cha Federal, cha Remington, cha Winchester ndi cha Cheddite zimafanana kunja, koma mkati zimasiyana malo chifukwa cha kukhuthala kwa tsinde lake. Chigoba cha malo ochepa chimakweza presha pa onga womwewo. Musadalire mtundu wa pulasitiki kapena dzina la pansi pa mkuwa: dulani chimodzi pakati, mutalika mwake, muone tsinde. Zigoba za tsinde la pepala, ngati zinagwera m'madzi kudambo, zitayeni. Pepalalo likanyowa n'kuuma limamasuka, ndipo limatha kutsatira njere n'kukakanirira mumpope. Tayaninso chilichonse chong'ambika kukamwa, chopserera m'mbali, kapena chimene primer imalowa mosakanika konse.

Ma primer onse amalembedwa 209, koma mphamvu zawo n'zosiyana. Federal 209A ndi CCI 209M ndi aukali kuposa Winchester 209, ndipo kusinthanitsa kumeneku kokha kumatha kukweza presha ndi ma psi oposa 1,000. A ku Ulaya, ngati Fiocchi, ndi onenepa pang'ono, amakulitsa bowo. Chigoba chimene chalandirapo primer yotere sichigwiranso bwino ya ku America.

Wad yodziwika ya njere za mtovu mu 10 gauge ndi Remington SP10. Chikho chake n'chakuya chifukwa anachipangira katundu wolemera, ndiye pano nkhani yonse ya zodzazira imayambira.

Mpata wotsala: kuudzaza kapena kudula chigoba

Mukachotsa ounce imodzi ya mtovu m'chikho cha wad ya 10 gauge, pamatsala mpata woyandikira masentimita awiri. Onga wopsa msanga nawonso umatenga malo ochepa, ndiye mpatawo umakulirako. Chitseko chimafuna chinthu cholimba choti chikhalepo. Popanda chimenecho chimalowa mkati, pakati pamatseguka bowo, njere zimatayikira m'thumba, ndipo onga umasowa choupanikiza. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kusunga chigoba cha mainchi 3½ n'kudzaza pansi pa chikho. Zodzazira ndi timakadi tolimba ta pepala tokhuthala inchi 0.135, omwe ndi mamilimita 3.4, kapena zidutswa za fiber, felt ndi cork za inchi ⅛, ¼ ndi ½. Zikhale za 16 kapena 20 gauge kuti zilowe m'chikho osachitanula. Pa katundu wa 1¼ musadabwe kuona ndondomeko ikufuna makadi asanu kapena asanu ndi limodzi. Ziikeni pansi pa njere. Zikakhala pamwamba zimatuluka patsogolo pa njere n'kuzimwaza, pakati pa chandamale pamatsala dazi. Kakadi kamodzi kopyapyala pamwamba kalibe vuto. Zodzazira zolemera, ngati mpunga kapena nyemba zimene ena amathira, zimawonjezera katundu amene ndondomeko sinawerengere, ndipo zimayamwa chinyezi. Musasokonezenso zodzazira ndi ufa wa pulasitiki wotchedwa buffer, umene umalowa pakati pa njere. Umenewo umakweza presha kwambiri, ndipo umathiridwa pokhapokha ndondomeko itautchula pamodzi ndi muyezo wake.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woti makina simuwasintha, ndipo chipolopolo chimayenda bwino mu mfuti zopopa ngati Browning BPS. Kuipa kwake ndi nthawi: kuwerenga makadi asanu ndi limodzi pa chipolopolo chilichonse kumatopetsa, ndipo khadi limodzi likaiwalika chitseko chimaonetsa.

Yachiwiri ndi kudula chigoba kufika mainchi 2⅞, omwe ndi mamilimita 73. Mumachotsa mamilimita 16, pafupifupi mpata wonse uja, ndipo zodzazira zimatsala zochepa. Njira imeneyi ndiyo yabwino kwa amene katundu wake ndi 1⅛ mpaka 1⅜, komanso ndi yokhayo kwa mwini mfuti yakale. Imapulumutsanso zigoba zimene milomo yake yatha: mumadula potopapo, m'munsi mukadali mwabwino. Lowetsani mtengo wobulungira m'chigoba kuti chisapindike, dulani ndi lumo lakuthwa mozungulira, mlomo ukhale wolingana mbali zonse. Mlomo wopendekeka umabereka chitseko chopendekeka. Chigoba chodulidwa chimafuna ndondomeko ya 2⅞, osati ya 3½.

Kutalika kolembedwa pa bokosi ndi kwa chigoba chitawomberedwa, chitatambasuka. Chosawombera n'chachifupi, moti cha 3½ chimatha kulowa mu mfuti ya 2⅞ n'kutsekeka. Chikaphulika mlomo wake umatambasukira pamene mpope wayamba kupanikiza, njere zimasowa podutsa, presha imakwera. Chachifupi mu chamber yaitali, malo a kumbuyo kwa mpope olowamo chipolopolo, chilibe vuto. Mfuti zakale za mipope ya Damascus, yopangidwa popota zitsulo, ziyambe zaonedwa ndi mmisiri wa mfuti amene ayeze chamber ndi kukhuthala kwa mpope. Zina sizoyeneranso kuwomberedwa ndi onga wamtundu uliwonse.

Kadzazidwe

Pa benchi pakhale chitini chimodzi chokha cha onga, chija chatchulidwa m'ndondomeko, ndipo ndondomekoyo ilembedwe papepala pamaso panu. Fodya, moto ndi wailesi yakanema zikhale kwina.

Siteji yoyamba imachotsa primer yakale n'kubweza mkuwa wa pansi pa kukula kwake. Mkuwa wosabwezedwa bwino umakanika kulowa mu chamber, makamaka ngati chigobacho chinawomberedwa mu mfuti ina. Yachiwiri imaika primer yatsopano. Pitsani chala: ikhale yolingana ndi tsinde, isatuluke. Yotuluka imatha kuphulika potseka mfuti.

Kenaka onga. Makina amayeza ndi kabowo kotchedwa bushing, ndipo kabowo kamayeza malo, osati kulemera. Tchati cha kampani chimangokulozerani koyambira. Onga womwewo umatsika mosiyana malinga ndi chinyezi, kuchuluka kwake m'botolo, ndi mmene mukugwedezera makina. Yezani miyezo khumi yoyamba pa sikelo, mukuyendetsa makina monga mmene muchitire podzaza zenizeni, chifukwa kugwedezeka kwa masiteji enawo kumatsendera onga m'kabowo. Kenaka muziyeza umodzi pa khumi alionse. Zipolopolo za 10 gauge munthu sapanga mazanamazana, choncho kuyeza uliwonse pa sikelo si kutaya nthawi. Musanaike wad, suzumirani m'chigoba ndi tochi. Diso likazolowera pamene onga woyenera umalekezera, wothira kawiri ndi wosathira konse umaonekera pomwepo.

Wad ilowe yowongoka mpaka ikhudze onga, popanda mpweya pakati. Siifuna kutsenderedwa mwamphamvu, ingokhala pansi. Timano ta chida cholowetsera wad tikathyoka, mlomo wa chigoba umakwinyika kapena siketi ya wad imapindika, mpweya wa onga n'kumadutsa pambali. Ikani zodzazira, zikankheni ndi kamtengo zifike pansi pa chikho zili chogona. Khadi loima chammbali limadya malo a njere. Thirani njere, zimenenso zayesedwa pa sikelo: bowo loyezera limathira zopepukirapo njere zikakhala zazikulu, kapena mtovu ukakhala wosakaniza ndi antimony wambiri, chitsulo cholimbitsira mtovu.

Tsopano yang'anani mpata wotsala pamwamba pa njere. Chitseko chopinda ngati nyenyezi chimafuna mamilimita 11 mpaka 13. Chopinda mlomo mozungulira chimafuna 6 kapena 7 pamwamba pa khadi. Mpata ukapyola apa, wonjezani kadzazira kopyapyala pansi pa njere. Ukachepa, chotsani. Osakonza mpata powonjezera onga kapena njere.

Chitseko

Chitseko si chivindikiro chabe. Ndicho chimagwira katundu kwa kamphindi kaja kamene onga ukugwira moto, ndipo pa chipolopolo chopepuka ntchito yake imakula chifukwa njere zothandiza kupanikiza zachepa. Zigoba zambiri za 10 gauge zili ndi mapindo asanu ndi limodzi. Werengani anu, muike choyambira chofanana nawo, mapindo akale agwere m'malo mwake. Chigoba chatsopano kapena chodulidwa chilibe mapindo oti atsatire, chimafuna choyambira chakuthwa chamkuwa, ndipo chimapindika bwino mukasenga mlomo wake mkati kuti upyapyale.

Chitseko chabwino n'chafulati, chotsekeka pakati, chakuya mamilimita 1.3 mpaka 1.5 kuchokera pamphepete. Chosaya chimatsitsa presha ndi liwiro, ndipo chimatseguka chokha pakapita masiku. Chakuya kwambiri chimakweza presha. Chikalowa mkati ngati mbale, katundu wafupika. Chikatukumuka, kapena mbali za chigoba zikakwinyika pafupi ndi mkuwa, katundu watalika kapena makina akutsika mopyola. Mapindo akapotana ngati kamvuluvulu, choyambira chatsika kwambiri. Pakatsala bowo pakati, sichinatsike mokwanira. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, theka la kuzungulira kwa sikuluwu, mupange china muone.

Pa zigoba zodulidwa, chophweka ndi kupinda mlomo mozungulira. Ikani khadi lopyapyala la 10 gauge pamwamba pa njere, mangani chigoba m'chogwirira pansi pa drilu, pakani kadontho ka mafuta pa chida, yendetsani drilu pang'onopang'ono. Lolani chidacho chikhudze mlomo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri kuti pulasitiki ifunde, kenaka tsitsani mpaka mlomo utapindikira pakhadi n'kuligwira. Choyamba ndi chachiwiri sizituluka bwino chida chikadali chozizira. Mukathamangitsa drilu pulasitiki imasungunuka n'kumata. Gwedezani chipolopolo pafupi ndi khutu: njere zikamalira ngati chisekese, chitseko sichinagwire. Pakhadipo lembani nambala ya njere ndi kulemera kwake. Katsekedwe aka kamapereka presha yosiyana ndi ya nyenyezi, kawirikawiri yotsikirapo, choncho ndondomeko yoyesedwa ndi mlomo wozungulira musaitseke ndi nyenyezi.

Njere zanji, zingati

Katundu akachepa, njere iliyonse imawerengedwa. Mu ounce imodzi ya mtovu muli njere pafupifupi 135 za nambala 4, 170 za nambala 5, 225 za nambala 6, ndi 350 za 7½. Ndiye kuti 1¼ ya nambala 6 ndi njere 280, zoposa 270 zimene zili mu ma ounce 2 a nambala 4. Pa pheasant ndi akalulu, 5 kapena 6 pa 1¼ mpaka 1⅜ amakwana. Amene amaumirira njere zazikulu pa katundu wopepuka amavulaza mbalame zambiri kuposa zimene amatola, chifukwa mipata imachuluka. Mpope wotambalala umathandizanso: katundu wa 1¼ amakhala wamfupi mu 10 gauge kuposa mu 12, njere zapansi siziphwanyika kwambiri poyamba ulendo, ndipo zobulungira bwino zimauluka mowongoka.

Pa abakha ndi atsekwe mtovu unaletsedwa m'dziko lonse la United States kuyambira 1991. Njere zachitsulo ndi nkhani ina. Chitsulo chimalemera magalamu 7.9 pa cubic centimetre pamene mtovu ndi 11.3, choncho chimatenga malo ambiri, ndipo 1¼ yachitsulo imafuna zodzazira zochepa. Mu ounce imodzi muli njere 125 za nambala 2 kapena 72 za BB, zimene ndi zokulirapo. Sichifinyika ngati mtovu, ndiye presha imakwera msanga pa cholakwika chaching'ono. Chimafuna wad yake yokhuthala imene imakuta njere zonse kuti zisakande mpope. SP10 si yake. Wad zina zimabwera zosang'amba, mumazing'amba nokha katatu kapena kanayi monga ndondomeko yanenera. Yosang'amba imauluka ndi njere zonse ngati chipolopolo chimodzi, n'kufika kutali kumene simunalingalire. Njere zisatuluke pamwamba pa chikho. Onga wa Alliant Steel ndi wa masamba akuluakulu osatsika bwino m'kabowo, choncho muyezo uliwonse upite pa sikelo, ndipo njere zazikulu n'kwabwino kuziwerenga kapena kuziyeza chifukwa zimatsekerezana m'paipi ya makina. Choke, kupanikiza kwa kukamwa kwa mpope, isapyole yapakatikati yotchedwa modified pokhapokha italembedwa kuti imalandira chitsulo. Mfuti yakale ya mipope iwiri isaone chitsulo. Yake ndi njere za bismuth, yofewa, yolemera cha m'ma 9.6, nayonso ndi ndondomeko yakeyake.

Kuyesa musanapange zambiri

Pangani khumi zokha. Womberani chimodzichimodzi, n'kumatsegula mfuti kuyang'ana mumpope. Kulira kukhale kofanana. Chimodzi chikamveka chofooka, imani pomwepo, tulutsani zonse, suzumirani kuchokera kumbuyo, ndipo ngati muli kanthu kankheni ndi ndodo yotsukira. Chikapanda kulira konse, mfuti iloze kutsogolo masekondi 30 musanatsegule. Timasamba ta onga tochuluka mumpope ndi mu chamber tikutanthauza kuti presha ndi yotsika. Yambani kukayikira chitseko ndi zodzazira, osati kuthamangira kuwonjezera onga. Ngati mukasaka kozizira, ikani zitatu m'firiji usiku umodzi, muziwombere zikadali zozizira.

Makina oyeza liwiro amathandiza kuona ngati zipolopolo zikufanana. Kusiyana kwa mafiti 30 kapena 40 pa sekondi n'kwachibadwa, koma kukafika 100 pali chimene chikusinthasintha. Liwiro silikuuzani presha. Amene wasintha kanthu kalikonse m'ndondomeko, kaya wad, kaya primer, kaya kutalika kwa chigoba, atumize zipolopolo zisanu kwa oyeza presha asanaziike paphewa. Ku United States ena mwa ogulitsa zipangizo amachita ntchito imeneyi pa mtengo wochepa poyerekeza ndi wa mpope.

Kenaka pepala. Pachikani lalikulu, loposa mita imodzi mbali zonse, pa mayadi 40, omwe ndi mamita 36.6. Womberani, jambulani bwalo la mainchi 30, masentimita 76, pamene njere zawirira, muwerenge mabowo. Full choke imaika 70 mwa 100 aliwonse m'bwalomo, modified 60, improved cylinder 50. Chitani kasanu, chifukwa pepala limodzi limanama. Musangowerenga, yang'anani madazi amene mbalame ingadutsepo. Dazi lili pakati penipeni kawirikawiri limachokera ku khadi lokhuthala la pamwamba, kapena ku mpweya wodutsa pambali pa wad.

Mfuti zodzitulutsira chigoba zokha, ngati Ithaca Mag-10, Remington SP-10 ndi Browning Gold 10, zimayendera mpweya wa onga, ndipo anazipangira zipolopolo zolemera. Chopepuka chimatha kuwomba bwino koma osakankha chitsulo mpaka kumbuyo, chigoba n'kutsalira pakhomo. Mankhwala ake si onga wowonjezera. Tsukani timabowo ta mpweya, ndipo zikakanikabe sankhani ndondomeko ina yoyesedwa ya 1½ kapena 1⅝. Zazifupi za 2⅞ zimayenda bwino mu mfuti zothyola pakati. Mu zopopa ndi zodzitulutsira, yesani kaye ngati zikutuluka chimodzichimodzi m'nkhokwe yake.

Bokosi lililonse lilembedwe tsiku, chigoba, primer, onga ndi muyezo, wad, zodzazira ndi njere, chifukwa chopepuka cha mtovu ndi cholemera chachitsulo zimaoneka chimodzimodzi kunja, ndipo kupezeka ndi cha mtovu m'thumba posaka abakha ku United States ndi mlandu ngakhale simunachiwombere. M'thumba lomwelo musakhalenso cha 16 gauge: chimatsetsereka mu chamber ya 10 n'kukaima kutsogolo, kusiya malo oti cha 10 chilowe kumbuyo kwake. Onga wotsala m'botolo la makina ubwerere m'chitini chake tsiku lomwelo, pamalo ouma, ozizira, okiyidwa, kutali ndi ma primer. Sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo njere za mtovu zogwera pansi muzisese ndi tsache, osati ndi makina oyamwa fumbi, chifukwa pansi pomwepo pamagweranso onga ndi ma primer amoyo.